Dzina la wosewera pa mwana wanga

Anzanga omvera, ndili kuno ku Mfuwe ndipo mutu waima. Timu ya basiketibo imene ndimaonera pafoni inagula wosewera watsopano, wamfupi woyendetsa mpira. Masewero oyamba anandigometsa kwambiri, moti mkazi wanga atabereka mwana wamwamuna ndinakana dzina limene apongozi anasankha, n'kumupatsa la wosewerayo.

Koma tsopano wosewera ameneyu akagoletsa kwambiri, timu imaluza. Atavulala, anzake anayamba kuwina. Ndiye ndi katswiri kapena ndi mtolo chabe?

Dzulo apongozi anandifunsa mofatsa kuti, "Bambo, munthu wanu uja zikumuyendera?"

Chondipweteka n'chakuti ndikamaonera pafoni n'kukalipira wosewerayo pomutchula dzina, mwana wanga ndi amene amatembenuka n'kundisekerera.