Mlatho Umene Ndinkafuna Kumanga Ine

Olemekezeka a Wapampando a khonsolo yathu, Bwanamkubwa wa boma lino, Phungu wa dera lathu ku Nyumba ya Malamulo, Gogo Chalo ndi mafumu onse, abusa ndi mashehe, Khansala wa wodi ino mayi Lidia Kamtsitsi, alimi anzanga, matenanti amene mwasiya fodya m'zigafa kuti mudzaone ndi maso anu, amayi ndi abambo, ndakulonjerani nonse.

Kwa ana amene simundidziwa, ine ndine Anjelina Nabanda. Ndinali khansala wa mapiri ano kuyambira m'chaka cha 2000, nthawi imene ukhansala unali wa njinga yakapalasa ndi fumbi m'maso. A Khansala atabwera kwathu kudzandipempha kuti ndikhale mlendo wolemekezeka potsegulira mlatho uno wa pa Kanyerere, ndinawayang'ana n'kunena kuti, "Mwanawe, ukuitana munthu wankhuli kuti adzagawe nyama yamwini?" Iwo anangoseka nati, "Amayi, mukakana inu, sititsegula." Ndiye ndabwera, koma musaganize kuti mtima wanga wakhala m'malo.

Mlatho uno unali wanga. Ndinaulonjeza pa maliro a Susana, mkazi wa tenanti wochokera ku Phalombe, amene anakokoloka pompano akuthamangira kuchipatala ku Madisi ndi mwana wodwala kumbuyo. Mwanayo anamuwolotsa, koma iye mtsinje unamutenga. Ndinaima pamanda pake n'kuuza khamu lonse kuti mitengo yoyala imene tinkawolokerapo idzachoka ine ndili moyo. Nthawi yathu inatha ndisanakwanitse, ndipo dziko linakhala zaka zambiri lopanda makhansala.

Zisankho za makhansala zitabwerera mu 2014, tinapeza kuti malamulo asintha, mawodi achepetsedwa. Wodi yathu ya kumapiri inaphatikizidwa ndi ya kumsika, kumunsi kumsewu uko. Ndipo amene ankaimira kumsikako sanali mlendo ayi, anali alamu anga a Benjamini, mng'ono wawo wa malemu amuna anga. Ndikukuonani a Benjamini, mukubisa nkhope m'chipewa apo! Mpando unali umodzi, ofuna kukhalapo awiri, ochokera khomo limodzi.

Tsiku lina tinakumana pachigayo. Anandikokera pambali nati, "Mlamu, musadzivute. Mavoti ali pamsika. Kwanu uko mukwera phiri tsiku lonse kuti mupeze nyumba zisanu." Ndinawayankha kuti, "Nyumba zisanuzo mulinso anthu." Koma iwo ndiwo analasa. Pa nthawiyo panalibenso lamulo loletsa kugawa zinthu pokopa anthu. Amayi amene ankandivinira m'mawa, madzulo ndinkawapeza atavala chitenje cha alamu anga, shuga ndi sopo zili pamutu. Ine wogawa mawu okhaokha ndinagwa chagada.

A Benjamini anagwira ntchito, zimenezo sindingawalande. Anamanga mashedi pamsika, anakumbitsa mijigo kumsewu. Koma munthu amathirira dimba limene akudya, ndipo kuno kunalibe mavoti okwanira kuti wina aliyense atuluke nako thukuta. Mitengo ya pa Kanyerere inapitiriza kuola. Ndikamva pa wailesi akutchula kuti "Khansala Benjamini", ndinkatseka wailesiyo n'kupita kukapalira, ngakhale munda unali wopalira kale.

Kenako malamulo anatembenukanso. Kugawa zinthu pa kampeni kunaletsedwa. Sindikunena kuti shuga anatheratu, amayendabe mobisa, koma tsopano amayenda ndi manyazi. Ndalama yolembetsera amayi ndi achinyamata ofuna kupikisana nawo pa zisankho inatsitsidwa. Malire atawaunikanso, mapiri ano anapezanso wodi yawoyawo. Abale anga, munaona nokha zimene zinachitika. Anthu amene sankadziwa njira yobwerera kuno anayamba kukwera mapiri akupuma wefuwefu, nsapato zili m'manja, ndipo aliyense mwa opikisanawo ankayamba wafika pamtsinje pano n'kulumbira kuti adzamanga mlatho.

Ine ndinati nthawi yanga ija yakwana. Ndinatulutsa ndi nsalu yanga yakale ya kampeni. Koma ana anga anakhala pakhomo nati, "Amayi, mawondo amenewa akakufikitsani kuti?" Ndinayesa kukwera kamtunda ka kuseri kwa tchalitchi kuti ndiwatsutse, ndipo anachita kukanditenga pa kabaza. Malamulo amene ndinawalirira zaka zonsezi anafika ine nditatha, n'kupeza Lidia ali chilili, mwana amene ndinamubereka kumbuyo amake akupita kudambo. Anayenda mudzi ndi mudzi opanda chogawa, anthu anamumvera, anapambana, ndipo kukhonsolo sanawapatse tulo mpaka simenti inafika.

M'mawa uno ndinalawira kudzawerenga mwala wa chikumbutso uwo. Ndinauwerenga kuchokera pamwamba mpaka pansi, ndinapukuta magalasi n'kuyambiranso. Dzina langa palibe. A Khansala, nsanje ndili nayo, ndipo sindipepesa. Mwakolola m'munda umene ine ndinaswa mphanje.

Olemekezeka a Phungu, mukabwerera ku Lilongwe mukawauze anzanu kuti mzere wa malire umene amajambula papepala, kuno umasanduka mlatho kapena manda. Akamasintha malamulo a zisankho azikumbukira nyumba zisanu za pamwamba pa phiri, pakuti wandale amapita kokha kumene lamulo lamukakamiza kukapempha.

Ndithokoze amisiri, ndithokoze achinyamata amene munatuta miyala ndi amayi amene munatunga madzi osawerengera dzuwa.

Tsopano, mwa ulemu umene mwandipatsa, ndikulengeza kuti mlatho wa pa Kanyerere watsegulidwa. Ndipatseni lumo. Ndipo pempho langa ndi limodzi: woyamba kuwoloka ndikhale ine. A Khansala, mundigwire dzanja. A Benjamini, inu mubwere pambuyo.

Zikomo kwambiri.