Ndine Ndinati Madzi Ayera

Olemekezeka Bwanamkubwa wa boma lino la Chikwawa, olemekezeka mafumu athu onse, akuluakulu a za umoyo, inu a fakitale yonyika nsalu amene mwakhala kutsogoloku, amayi ndi abambo.

Anandilembera mawu okoma papepala, koma ndawasiya m'galimoto. Lero sindinabwere kudzasekerera munthu.

Zaka zisanu zapitazo ndinali mkulu wa za umoyo kuno. Ngalande yochokera ku fakitale inkatsika yofiira Lolemba, yobiriwira Lachinayi, kutengera chitenje chimene anyika tsikulo. Anthu atadandaula, a fakitale anathiramo mankhwala awo, utoto unazimirira, madzi n'kumatsika ali mbee! Anandiitana, ndinaunika botolo la madziwo padzuwa, ndipo ndi pakamwa panga pomwe pano ndinalengeza pamsonkhano kuti, "Madzi ayera."

Ine ndinkanena maonekedwe, anthu anamva kuti ndi abwino. Ndiwadzudzule bwanji? Kwathu kuno choyera si ndiye chabwino? Mayi Otilia, awo akhala kumapeto awo, anasiya ulendo wautali wa ku Shire n'kuyamba kumwetsa ng'ombe zawo pangalandepo. Zinali zisanu ndi zinayi, lero zatsala ziwiri. Atabwera ku ofesi sanakalipe, anangofunsa kuti, "Bwana, si inu munati ayera?"

Akatswiri a labotale yoyeza madzi imene tikutsegula leroyi andiphunzitsa chimene ndinayenera kudziwa kale: utoto ukazimirira sikuti wachoka ayi. Umasweka n'kusanduka tizinthu tosaoneka ndi maso, tina toopsa kuposa utoto weniweniwo. Inu a fakitale muli ndi akatswiri anuanu. Musandiuze kuti simunkadziwa! Munangoti duu, ine ndikukuyamikirani pagulu ngati chitsiru.

Ndamvanso kuti mwabwera ndi botolo lanu la madzi kuti tiyambe kuyeza limenelo. Aa, iyayi! Bwererani nalo mukamwe nokha. A Goodwell, inu woyeza wathu, tengani botolo lopanda kanthu mutsagane ndi Mayi Otilia, akakulozereni pangalande pamene ng'ombe ziwirizo zamwa m'mawa uno, poti miyendo ya mayiwa siyingafikenso ku Shire. Mukatunge madzi pomwepo. Zotsatira zikatuluka muwauze iwo poyamba, m'Chisena chomwe amamva bwino, ife a mataye pambuyo.

Zakumwa zidikire. Tonse tikhala pompano, padzuwa lomweli, mpaka botololo libwere.

Ndi mtima wowawa womwewu, ndikulengeza kuti labotale yoyeza madzi a utoto yatsegulidwa.

Zikomo kwambiri.