Bambo Anselme akupuma, koma Perrine akadali m'madzi

Mayi Peyrat, mkulu wa kampani yathu yosindikiza mabuku; Mayi Huguette, akazi a Bambo Anselme, ndi ana onse a kwa Courbon; akuluakulu olemba ndi ojambula a muno mu Angoulême; anzanga a m'chipinda chapamwamba; ndi inu eni tsikuli, Bambo Anselme Courbon, amene mukupuma pantchito lero. Mwaswera bwanji nonse?

Kwa amene simundidziwa, ndine Maëlle. Ndimabwera kuno Lachitatu ndi Loweruka ndikaweruka kusukulu. Ntchito yanga ndi kufufuta mizere ya pensulo ndi kudzaza inki yakuda pamene pakufunika mdima.

Mwina mukudabwa kuti mwana ameneyu waimiriranji. Inenso ndikudabwa. Oyenera kuima pano ndi Mayi Odile Marsac, amene ajambula mabuku onse a Bambo Anselme kwa zaka zoposa makumi atatu. Ali apo, pafupi ndi mabotolo, apinda manja. Anandiitana sabata yatha n'kunena kuti, "Maëlle, ukayankhule iweyo. Ine sindingatsanzike munthu amene wasiya mwana wanga m'madzi."

Ndinati, "Mayi, inetu ngakhale foni ndimaopa kuyankha."

Iwo anati, "Ndiye uphunzirire pomwepo."

Achibale, musachite mantha, palibe mwana weniweni amene wamira. Akunena Perrine, mzamba uja wa m'mabuku awo, wa nthawi imene asilikali a mfumu anazinga mzinda wa La Rochelle. Buku lomaliza latsala pang'ono kutha. Adani atsekera Perrine m'chipinda chapansi pafupi ndi doko, nyanja ikudzaza, madzi afika m'khosi. Tsamba limeneli Bambo Anselme analipereka mitengo ikuyoyola masamba. Pano mitengo yaphukanso. Tsamba lotsatira kulibe. Osindikiza akudikira, Mayi Odile sakuyankhula ndi Bambo Anselme, ndipo ife tili pano tikudya keke. Ine sindikumvetsa. Koma andiuza kuti ndiyambe ndi zoseketsa, ndiye ndiyamba ndi zoseketsa.

Tsiku loyamba kubwera pano ndinavala bulauzi yoyera. Amayi anga anandisitira okha. Ndinagogoda, ndinalowa. Ndisanatchule n'dzina lomwe, bambo wa ndevu, Bambo Anselme omwewa, anandiloza ndi buledi n'kunena kuti, "Iwe, gona pansi. Wafa."

Ndinati, "Pepani bambo, ndabwerera ntchito."

Anati, "Ntchito yake ndi imeneyo. Akubaya kumsana, wagwa pamasitepe. Dzanja uku. Odile, taona dzanjalo! Akufa sapinda zala choncho, mwana iwe, tamasuka!"

Ndinagona, Mayi Odile akundijambula, mpaka mwendo unachita dzanzi. Madzulo amayi anandifunsa kuti ntchito yayenda bwanji. Ndinati yayenda bwino, ndafa. Chiyambire tsiku limenelo ndafapo ndi mpeni, ndi chiphe, ndi njala. Bambo Lucien owerengera ndalama, musaseke, inu anakupachikani kawiri.

Za kale ndangomva kwa akuluakulu. Akuti m'buku lachiwiri Bambo Anselme anapha msodzi wina wa diso limodzi. Anamupha bwinobwino, maliro n'kuchitika, mkazi wake n'kulira masamba awiri. Pofika buku lachisanu, msodzi yemwe uja ali pamsika, akugulitsa nsomba, wanenepa. Anaiwala kuti anamupha! Pa chikondwerero cha mabuku cha mu Januwale kunabwera mayi wina, mabuku onse awiri m'manja, n'kuima pamzere mpaka kufika patsogolo. "Bambo, uyu si anafa uyu?"

Bambo Anselme osaphethira n'komwe. "Ameneyo ndi mapasa mnzake, mayi."

"Nayenso wa diso limodzi?"

"Ndi za ku mtundu."

Ndipo anakhaladi pansi n'kulemba buku lathunthu la mapasa aja, kuti bodza lisaoneke. Akuti ndi limene linagulidwa kwambiri. Ine kusukulu amandiphunzitsa kuti ukalakwitsa uzipepesa. Pano ndinaphunzira zina. Sindikudziwa kuti nditsate ziti.

China chimene tonse tikuchidziwa ndi lamulo lawo lija: choopsa chizikhala m'kabokosi komaliza ka zithunzi, pansi pa tsamba la kumanja, kuti wowerenga asachitire mwina koma kutembenuza. Vuto ndi loti amayankhulanso choncho. Amalowa m'chipinda n'kunena kuti, "Anzanga, ndadziwa amene akumamwa khofi wanga." Tonse n'kumadikira dzina. Iwo n'kuvala chipewa, ulendo kukadya. Mayi Huguette, kaya kunyumba mumapirira bwanji.

Koma Bambo Anselme, tsopano ndinene zenizeni. Zikomo. Zaka zonsezi mwakhala m'nyumba zosungira mapepala akale, mukuyetsemula ndi fumbi, kufunafuna anthu amene mabuku a kusukulu sawatchula. Azamba, ochapa zovala, ophika buledi wopanda ufa nthawi ya njala. Ine mbiri yakale inkandigonetsa tulo. M'mabuku anu ndinapeza kuti anthu amenewa ankaopa, ankanama, ankaseka ngati ife. Simunayambe mwatulukapo osapatsa moni aliyense, ngakhale ine wofufuta. Tsiku lina munawerenga kankhani kanga, n'kudula theka ndi pensulo yofiira, n'kunena kuti, "Kotsalaka ndi kako, pitiriza." Ndinakalirira kuchimbudzi. Koma ndinapitiriza. Zikomo kwambiri.

Apa ndi pamene ndimayenera kunena kuti mukapume bwino. Koma pali nkhani ina, ndipo sindikudziwa ngati ndikuchita bwino kuinena. Dzulo Mayi Huguette anabwera kudzasiya tchizi cha phwandoli. Anandikokera pakhonde. Anati, "Mwana iwe, ndamva kuti woyankhula ndiwe. Ukanene pagulu zimene ndikuuzezi. Ine ndatopa."

Ndinati, "Mayi, andithamangitsa."

Anati, "Akuthamangitsa bwanji munthu wopuma ntchito? Tamvera."

Ndiye Bambo Anselme, musandiyang'ane choncho. Yang'anani akazi anu.

Nkhani yake ndi iyi. Mapeto a bukuli analipo kalekale. Perrine amayenera kutulukira pazenera. M'zolemba zawo Bambo Anselme anangoti, "pamwamba pali kazenera." Basi. Sananene kuti kazenerako n'kantchito yanji, chifukwa mwambo wawo ndi wosauza Mayi Odile zakutsogolo, ati kuti mantha a wojambula azioneka m'chithunzi. Mayi Odile nawonso ali ndi mwambo wawo: sajambula chinthu asanachione ndi maso. Anakwera sitima kupita ku La Rochelle, n'kuzungulira nyumba zakale za kudoko. Zenera lililonse lapansi limene anaona linali ndi zitsulo. Ndiye anajambula zitsulo. Zonenepa, zadzimbiri, kuwala kukudutsa pakati n'kugwera pamadzi ndi pankhope ya Perrine. Tonse tinaliona tsambalo.

Mayi Huguette akuti amuna awo anafika kunyumba, n'kukhala pampando jekete osavula. Anati, "Huguette, Odile wanditsekera njira." Mayi anati, "Ndiye kamuuzeni afufute." Iwo anati, "Afufute? Chiyambire sanajambulepo chinthu chokongola chonchi. Bola ndipeze khomo lina."

Ndipo akhala akulifuna khomolo nyengo yonse yozizira. Ayesa chumuni, chipindacho chilibe chumuni. Ayesa mgolo, ayesa ngalande, ayesa mlonda wachifundo n'kumukana okha kuti n'zachibwana. Akuti tsiku lina Mayi Huguette anawapeza m'bafa, madzi m'khosi, malaya ali m'thupi, akuyang'ana kudenga. Atawafunsa anati, "Usandisokoneze, ndili kuntchito."

Ndiye ine mutu wanga waima. Mayi Odile akwiya chifukwa akuganiza kuti Bambo Anselme atopa naye Perrine ndipo akuthawa. Bambo Anselme akhala chete chifukwa akonda chithunzi cha Mayi Odile. Wolakwa ndani? Ine ndaganiza mpaka ndalephera. Chimene ndikudziwa n'chakuti tikachoka pano osayankhulana, Perrine amira, ndipo anthu awiri amene agwira ntchito limodzi kuyambira ine ndisanabadwe asiyana osagwirana chanza. Chifukwa cha zitsulo zinayi za inki.

Pepala langa lathera pamenepa. Ndinalemba kuti, "dikira uone."

Mukuti bwanji, Mayi Odile? Akumbuyo simunamve? Akuti, "Chitsiru cha nkhalamba, bwanji osanena?" Pepani Mayi Peyrat, ndikungobwereza. Akuti penti woyera alipo, zitsulozo azichotsa khofi asanazizire.

Bambo Anselme akuti ayi. Akuti wokhudza zitsulozo adutse kaye pamtembo wawo.

Mayi Odile akuti zimenezo si zovuta.

Dikirani, mmodzimmodzi, sindikumva. Akuti chiyani? Dzimbiri? Mayi Odile akuti chitsulo chakumanzere anachijambula chodyeka kunsi, kodi maso mulibe? Akuti mkazi amene wakoka ana ambirimbiri kuwabweretsa padziko angalephere kukoka chitsulo chowola?

Bambo Anselme, mwaimiriranji? Mayi Odile, mukupita kuti? Sindinamalize! Mphatso sitinapereke!

Akwera pamwamba. Onse awiri. Akukanganabe pamasitepe, mukuwamva.

Mayi Peyrat, ndipitirize? Chabwino. Bambo Anselme, ngati mukundimva kumeneko, tikukufunirani mpumulo wabwino. Mukagone mokwanira, mukayende m'mbali mwa mtsinje ndi Mayi Huguette, mukasambe ngati anthu ena onse. Kaya mpumulowo uyamba liti, ine sindikudziwa. Mayi Huguette akuti musabwere kunyumba mpaka mtsikanayo atatuluka m'madzi.

Ndiye tiyeni tiimirire tonse. Tiwaombere m'manja mwamphamvu, kuti zimveke mpaka pamwamba!