Penti wa Nyumba ya Eni

Pa siteji ya basi ku Kamwala, bambo wina anakhala pa chitini cha penti atagwira tsaya. Mayi wogulitsa zitenje, yemwenso ankadikira basi, analephera kupirira.

"Bwanji, atate? Mumanga nyumba?"

"Kaya, amai. Ninagula famu yakale ku Chongwe: munda, chitsime, na nyumba yogumuka. Wogulitsa anaimika motoka pamseu, analoza na mulomo, ati, 'Ni ija.'"

"Na mulomo chabe?"

"Manja anali pa chiongolelo. Manje uko kunali manyumba awili. Ine n'natenga ya pamitengo ya mango. N'nakhoma malata, mawindo, pansi simenti."

"Nanga vuto ni chani?"

"Dzulo kwabwela mudala wina kuchoka ku Kitwe, makiyi kumanja. Ati nyumba ni yake. Yanga ni inayo, mogona mbuzi."

"Mayo! Anakukalipilani?"

"Iyayi. Anazungulila nyumba yonse, anigwila chanza, anipatsa nkhuku."

"Manje penti uyu ni wa nyumba iti?"

Bamboyo anagogoda chitini chija ndi chala.

"Ya mudala. Ati khichini sin'natsilize."