Mndandanda Wachiwiri wa Malemu Moncef Jlassi

Khalani pansi, khofiyo mumwa ndikatha. Ndine Zohra, mlongo wamkulu wa malemu.

Malemu a Moncef Jlassi anabadwa pa 4 Malichi 1954 kuno ku Kebili, m'banja lolima kanjedza. Ine ndinasiya sukulu kuti iwo apitirize. Anaphunzira ku Tunis, ndipo mu 1981 anayamba ntchito m'nyumba ya mabuku a sayansi. Mu 1984 anakwatira Mayi Radhia.

Ntchito yawo inali kuwerenga kuchuluka kwa zimene akatswiri alemba pa nkhani iliyonse, kuti akuluakulu adziwe kafukufuku woyenera kukhala patsogolo. Ndinkawaseka kuti, "Achimwene, anzanu akulemba, inu mukungowawerenga ngati mbuzi?" Iwo ankati, "Mbuzi yosawerengedwa ndiyo imagona kunja, Zohra."

Mu 2003 anapereka mndandanda wawo woyamba wa nkhani zoyenera kufufuzidwa. Anangowerenga zotuluka m'magazini akunja, monga anawaphunzitsira. Zimene madokotala a kuno analemba pa ululu wa zinkhanira zinali m'makabati, sizinalowemo. Nkhaniyo inakhala kumapeto kwenikweni, ndipo kagulu koifufuza kanamwazika.

Mu 2009 chinkhanira chinaluma mdzukulu wanga Sondes, wa zaka zinayi. Anatisiya tsiku lomwelo. Sindinawaimbepo mlandu, anadziimba okha. Kuyambira apo anayenda m'zipatala za kum'mwera kuno, kukopera pamanja zolemba zonse zimene anazisiya poyamba, nakonza mndandanda wachiwiri.

Mu 2019 shuga anawalanda maso, mwana wawo Hela nayamba kuwawerengera. Kenako impso zinafooka. Amwalira Lachiwiri pa 14 Novembala 2023.

Asiya mkazi, ana atatu ndi adzukulu asanu. Tikuthokoza amene anasambitsa thupi, ndi inu apafupi amene mwatiphikira masiku atatu onsewa. Mulungu awachitire chifundo malemuwa, ause mumtendere.

Tsopano inu a ku yunivesite. Mwawatamanda bwino, ndamva. Koma mndandanda wachiwiri, wokonzedwa uja, anakutumizirani kawiri, simunayankhe. Nawu, m'bokosi momwe ankausunga. Nyengo yotentha ikafika, ana athu agonanso pansi pabwalo, pamene pamayenda zinkhanira. Wina atenge bokosili asanakhudze kapu. Ndipo mukamawerenga, tsegulaninso makabati a kuno.