Odwala anga anali malalanje

Moni kwa inu aulutsi ndi omvera nonse. Izi zinandichitikira kuno ku Joni m'zaka za m'ma 1990, ndikukhala ku Seraleng, dera la mumzinda wa Rustenburg.

Kuyambira ndili mwana ndinkafunitsitsa kudziwa zomwe madokotala amamva akaika kachipangizo kaja m'makutu n'kukagunditsa pachifuwa pa munthu. Ndiye nditamva kuti pamwamba pa sitolo ina ku Rustenburg pali sukulu yophunzitsa othandiza dokotala, ndinasiya ganyu ya kumgodi n'kukalembetsa.

Aphunzitsi ake anali aulemu, ovala gauni yoyera. Tsiku lililonse tinkabaya jakisoni malalanje. Ndikafunsa kuti odwala tidzawaona liti, iwo ankangoti, "Dekhani achimwene, khungu ndi khungu basi."

Nditamaliza ndinakapempha ntchito pakiliniki ina ku Luka. Nesi wachikulire amene ndinamupeza sanandiseke. Anandifunsa kuti sukuluyo inavomerezedwa ndi bungwe liti la zachipatala, komanso kuti inkafuna kuti tikamaliza tizitha kuchita chiyani.

"Nanga odwala mwagwirapo angati?" anafunsanso.

"Malalanje okhaokha, amayi."

Anandiika kachipangizo kaja m'makutu n'kukagunditsa pachifuwa panga. Aka kanali koyamba kumva mtima wa munthu ukugunda. Unali wanga womwe, ndipo unkathamanga ndi manyazi.

Anzanga, musanalembetse sukulu yotere, funsani amene anaivomereza, mufunsenso ngati mudzaphunzirire pa odwala enieni. Lalanje ukalibaya molakwika silifa, koma munthu amasiya ana.