Mbiri ya Saw Pweh Doh, Amene Anawerenga Masamba a Nthochi

Malemu Saw Pweh Doh anabadwa m'chaka cha 1927 m'mudzi muno mwa Htee Lay Kee, m'boma la Toungoo. Anaphunzira pasukulu ya mishoni kutauni, koma nkhondo ya Ajapani inawabweza kumudzi asanamalize.

Nkhondo yathu ndi boma itabuka mu 1949, analowa usilikali pamodzi ndi anyamata anzawo a mtundu wathu wa Chikareni. Ntchito yawo inali yozonda adani ndi kunena kuchuluka kwawo. Anzawo ankawatcha Kabawi, ati palibe chinkawaphonya.

Mvula itayandikira chaka chimenecho, anatumidwa kukaona gulu la boma limene linkakwera ndi mtsinje. Anapeza pamene linadyera, nawerenga masamba a nthochi okulungira mpunga. Kwathu kuno munthu wa paulendo amanyamula phukusi lakelake, choncho anati tsamba limodzi ndi msilikali mmodzi. Masambawo sanakwane makumi asanu ndi limodzi. Mkulu wa gulu lawo anawafunsa kuti, "Iwe Kabawi, wawaona ndi maso ako?" Iwo anayankha kuti, "Ndawaona, bwana." Anali asanawaone. Anaopa kuwoloka mtsinje, ndipo anaopanso kusekedwa.

Pomva zimenezo, mkuluyo anabweza asilikali amene ankabwera kudzatithandiza, nawatumiza kumsewu wa kumwera. Koma masamba aja anali a amtengatenga okha. Asilikali a boma ankadyera m'zitini, ndipo anali mazana angapo. Mudzi uno unapsa. Amuna amene agona m'manda a mumzere uwo pansi pa mitengo anafa tsiku limenelo, mmodzi mwa iwo Saw Kler Say.

Mu 1954 malemuwa anakwatira Naw Hsa Mu, mlongo wa Saw Kler Say yemweyo. Anaphunzitsa masamu pasukulu yathu mpaka maso atayamba kuwavuta, ndipo ine ndinaphunzitsa nawo. Mumpingo wa Baptist anakana udikoni katatu. Patsiku lokumbukira ankhondo ankati mutu ukuwawa, n'kupita kumunda. Tonse tinkati adani anawapusitsa, monga zimachitikira pankhondo, ndipo iwo sanatikonze.

Chifuwa chinawagwira mwezi wa Januwale chaka chino. Sabata yatha anandiitanitsa, naitananso mayi a m'nyumba, natiuza zimene mwamvazi. Anapempha kuti ziwerengedwe pano, ndiponso kuti asaikidwe mumzere wa ankhondo, m'mene anzawo anawasungira malo, koma kuseri kwa mpanda wa manda. Mayi anatuluka panja, ndipo sanalankhulenso nawo mpaka Lachiwiri m'mawa, pamene malemuwa anatisiya.

Dzulo okumba manda anadzafunsa pokumba. Mayi Naw Hsa Mu anati, "Kuseri kwa mpanda akabisalenso? Abisala mokwanira. Aikeni pambali pa achimwene angawo, akawafotokozere okha." N'chifukwa chake dzenje mukuliona pamenepo.

Malemu asiya mkazi, ana aamuna awiri, Saw Eh Kaw ndi Saw Tha Htoo amene ali kumsasa wa othawa kwawo kutsidya la malire ndipo uthenga sunawapezebe, mwana wamkazi mmodzi, Naw Paw Wah, zidzukulu zisanu ndi ziwiri, ndi mlongo wawo Naw Dah Ler. Ambiri a inu muli ndi abambo kapena achimwene mumzere umenewo. Anati ndisakupempheni chilichonse m'dzina lawo, ndipo sindikupempha.

Mulungu akalola, apumule mu mtendere.